Chingwe cha Ba Liywalii

Ku Maramba konse, m'tauni ya Livingstone, kunalibe munthu amene ankadziwa kuti Ba Liywalii saona. Si kuti analibiretu maso ayi. Kuwala ankakuona, mitundu ankaizindikira, ndipo munthu akaima pakhomo ankadziwa kuti paima munthu. Koma ng'ala inali itakuta maso onse awiri, moti nkhope ya munthu, imene inawadyetsa kwa zaka makumi anayi, tsopano inkangooneka ngati mbatata yosenda. Kwa munthu wojambula zithunzi, amenewo ndi manyazi osauza ngakhale m'bale wako.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Nyimbo ya mkuluyu inali chingwe. M'situdiyo mwawo, kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, mpando wa makasitomala unali wokhomerera pansi ndi misomali, miyendo itatu yoikapo kamera sinkasunthidwa, ndipo pamiyendopo panamangidwa chingwe cha mfundo zinayi. Mfundo yoyamba inali ya chithunzi cha pasipoti, yachiwiri ya munthu wolekezera m'chiuno, yachitatu ya munthu woimirira, yachinayi ya banja lonse. Iwo ankangokoka chingwecho mpaka mfundo igunde pamphuno pa kasitomala, n'kubwerera, n'kudina. Luso limeneli analiphunzira ali mnyamata kwa mmwenye amene anawalemba ntchito, masiku amene ankajambula sukulu yonse tsiku limodzi. Anthu a ku Maramba ankangoti ndi kachitidwe ka akatswiri akale, ndipo ena ankanyadira ndithu kuti mphuno yawo inagundidwapo ndi chingwe cha Ba Liywalii.

Amene ankakayikira anali mmodzi, mwana wawo Derrick, dalaivala wonyamula alendo okaona mathithi. Mwezi wapitawo mayi wina wamtali anabweza zithunzi za pasipoti zodulidwa chipumi, ndipo mwatsoka anapeza Derrick ali momwemo.

"Bo Ndate," anatero Derrick kwa bambo ake mayiyo atachoka, "kukabwera chabe komplenti ina, nitenga makiyi. Tizayenda ku chipatala cha maso, muno tizaikamo vikava va mafoni."

Ba Liywalii ankaopa zinthu ziwiri. Ankaopa mpeni wa dokotala padiso, ndipo ankaopa kukhala pakhonde kwa Derrick ku Nottie Broadie tsiku lonse, kumvetsera agalu a eni ake akuuwa. Chachiwirichi ndiye ankachiopa zedi.

Tsono Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pakhomo panamveka mawu a mtsikana ndi kukhwekhwereza kwa zikwama zikuluzikulu.

"Odi, ba ankolo! Ndine Namukolo, nichokera ku Libuyu. Ananiuza ati ndimwe mweka muli na kamera ya filimu mu Livingstone muno."

Mtima wa mkuluyo unadumpha. Kamera ya filimu inalipodi, m'kabati, yokutidwa ndi thawulo, ndipo inali itatha zaka khumi ndi chimodzi osalawa filimu. Mtsikanayo anawaika kampukutu ka filimu m'manja. Iwo anakanunkhiza asanaganize n'komwe.

"Ili na mapikicha twelofu chabe," anatero Namukolo. "Yachokera ku Lusaka na basi."

"Nanga foni ulibe, mwanaka?"

"Nili nayo. Koma va pafoni vonse vimafanana. Ine nifuna ya filimu."

Pomwepo Ba Liywalii anamukonda mwanayu. Koma mantha anabwera pambuyo pa chikondicho. Kakamera katsopano kamene ankagwiritsa ntchito masiku onse kankadzipezera kokha nkhope n'kulira kuti tswii. Yakaleyo sinkakhululuka. Inkafuna dzanja lipotokole kagudumu ka pambali mpaka chithunzi chiwale bwino, ndipo inkafuna diso. Anadzitonthoza pokumbukira kuti pakagudumupo anatemapo timizere tinayi ndi lezala kalekale, kamzere kalikonse ka mfundo yake. Malinga munthu ali ndi mphuno, zonse ziyenda.

"Ni ukwati? Kicheni pate? Giladuweshoni?"

"Ni kosipule."

Ba Liywalii anagwedeza mutu ngati kosipule amaijambula Loweruka lililonse. Namukolo anafotokoza kuti ndi masewera ovala ngati anthu a m'makatuni ndi m'magemu, kuti chovalacho umasoka wekha, ndiponso kuti ku Lusaka kuli mpikisano umene umayamba watumiza chithunzi chimodzi. Chake anachipanga miyezi isanu ndi itatu, akaweruka kusaluni kumene ankaluka anthu tsitsi. Pa zonsezi mkuluyo anatolapo mawu amodzi, chovala. Ndiye kuti diresi, mfundo yachitatu, nkhani yatha.

Anamuonetsa nsalu zawo zakumbuyo. Inalipo yoyera, inalipo ya balaza lokhala ndi wailesi yakanema ndi maluwa, ndipo inalipo ya mathithi, imene aliyense ankailimbirana.

"Iyi ya mathithi," anatero Namukolo, "tingaitembenuze? Kumbuyo kwake ni kwakuda bwino."

Azungu amawoloka nyanja kudzaona mathithi amenewa, koma mwana wa ku Libuyu akufuna kumsana kwake. Ba Liywalii anaitembenuza. Mtsikanayo analowa kuseri kwa katani ndi zikwama zake zitatu.

Anakhalako pafupifupi ola lathunthu. Mkuluyo anaika filimu m'kamera ndi zala zimene zinakumbukira zokha, kenako anangokhala n'kumamvetsera. Kuseriko kunkamveka kung'ambika kwa selotepi, kugundana kwa zitsulo, kupuma kwa munthu amene akulimbana ndi chinthu chomuposa msinkhu. Diresi lanji lokhala ndi zitsulo? Pamapeto pake katani inasuntha, ndipo china chake chinakanda denga.

Chimene chinatuluka sichinali munthu. Chinali chiphiri cha mitundu, chabuluu, chagolide, chofiira m'mphepete, chothwanima paliponse, chotambalala kuchokera khoma ili kukafika khoma lina. Ba Liywalii anaimirira osadziwa kuti aimirira. Anakumbukira ali mwana ku Kaoma, akuthawa makishi, zilombo zovala zigoba zija zimene mwana safunsa kuti mkatimo muli ndani. Mwendo umodzi unafuna khomo, winawo unakumbukira kuti mwini wake ndi mkulu wa mpingo.

"Ni Mfumukazi ya Mphezi," anatero mawu a Namukolo. "Naipanga neka, mumutu mwanga."

Mawuwo sanachokere kumwamba kumene kunayenera kukhala mutu. Anachokera chapakati penapake. Mkuluyo anayang'ana kumwamba, anayang'ana pakati, osadziwa kuti ulemu aupereke kuti.

"Manje ba ankolo, muzankhala maso anga," anapitiriza mtsikanayo. "Muno mukati siniona vilivonse, ni vimdima chabe. Muziniuza ngati mapiko yawongoka."

"Osadandaula, mwanaka," anatero Ba Liywalii.

Ndiye mmene zinalili m'chipindamo ndi mmenemo. Anthu awiri osaona, aliyense atatsamira pa maso a mnzake.

Filimu imadya kuwala kwambiri, choncho anayatsa nyali zawo ziwiri zakale, zikuluzikulu ngati mabeseni, zotentha moti ukhoza kuwotcherapo chimanga. Anatenga chingwe, nagwira mfundo yachitatu, nayamba ulendo wopita kumphuno. Asanafike n'komwe pakati, dzanja linagunda chinthu cholimba, chosongoka. Anachisisita. Chinali chimlomo cha mbalame, chotalika ngati mkono wawo.

Apa mutu unaima. Kodi imeneyi ndiye mphuno? Akaika mfundo pansonga pa chimlomo, nkhope itsala mkono wathunthu kumbuyo ndipo ituluka ngati utsi. Akafuna nkhope, nkhopeyo ili kuti?

"Maso yako yali kuti, mwanaka?"

"Ya Mfumukazi? Yali sikisi."

"Sikisi."

"Yatatu uku, yatatu uku. Simunayaone?"

"Nayaona, nayaona. Nifunsa chabe."

Zaka makumi anayi anajambula akwati, makanda, asilikali, ngakhale maliro, ndipo onsewo Mulungu anawapatsa mphuno imodzi ndi maso awiri pamalo odziwika. Posowa chochita, anaika mfundo pachimlomo, nabwerera, nadina. Anadinanso. Anadina kachitatu, chifukwa chala chikachita mantha chimafuna ntchito. 

"Mapiko yonse yalowa?" anafunsa Namukolo. "Yawongoka?"

"Yawongoka bwino kwambiri."

Linali bodza lamkunkhuniza. Mfundo yachitatu inkakwana mwamuna mmodzi ndi chipewa chake. Ngakhale yachinayi, ya banja la anthu asanu ndi atatu, sikanameza mapiko okanda denga. Thukuta linali kamukamu, kolala yonyowa, ndipo m'maganizo ankamva kale makiyi akulira m'thumba la Derrick.

Kenako kunamveka kafungo ka pulasitiki yopsa. China chake chinagwa pansi kuti tapu, n'kugubuduka.

"Ni chani chagwa?" anafunsa Namukolo.

"Kulibe," anatero mkuluyo, akusuntha phazi. Pansi pa nsapato panamveka kuti phwa.

"Ba ankolo! Iyo ni diso!"

Linalidi diso. Chovala chonsecho chinali chomata ndi guluu wosungunula ndi moto, ndipo nyali za Ba Liywalii, pothandizana ndi Okutobala, zinkamusungunulanso kachiwiri. Nthenga zinayamba kugwa imodziimodzi. Mkati mwa Mfumukazi ya Mphezi munamveka kulira kwa mwana wa munthu.

"Miyezi eyiti, ba ankolo. Fulumirani, napapata, chonde, ivi vonse vizagwa!"

Ba Liywalii anazimitsa nyali zonse ziwiri. Chifundo chinawagwira, ndipo manyazi anawagwira koposa, poti mwanayu anabwera kwa iwo chifukwa anamva kuti ndi katswiri. Anaima kaye duu mumdima wozizirirapo uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero mmwenye uja m'Chinyanja chake chopindika, mwana akakana kukhala pampando.

"Leka kulira," anatero. "Akwati onse nimawakonza na manja nisanajambule. Imirira chabe njii."

Anayambira kuphiko lamanja. Zala zinapeza nthenga zodulidwa kuchokera ku thovu la matiresi, zopakidwa utoto, mazanamazana, iliyonse yometedwa m'mbali ndi sizasi. Zinapeza mamba a pachifuwa, amene anali ma CD akale oduladula. Mafupa a mapiko anali nthiti za maambulera ndi ndodo zopachikira makatani. Mkuluyo anayamba kuiwala mantha. Mwana uyu sanali wamisala, anali mmisiri, ndipo zala za mmisiri zimadziwa ntchito ya mnzake. Phiko lamanzere, lija ankati lawongoka bwino kwambiri, analipeza litagwa ngati la nkhuku yodwala chitopa. Anavula tayi wawo nalimangirira ku ndodo yakumsana.

Anakwera pampando wokhomerera uja kuti afike kumutu. Maso anali tigalasi tofiira ta kumbuyo kwa njinga, atatu mbali iyi, awiri mbali inayo, ndi kadzenje ka guluu wofunda pamene panali lachitatu. Anatsika ndi chimlomo, napitirira kukhosi. Pamenepo zala zinagunda kansalu ka neti ya udzudzu, ndipo kudzera m'timabowo take munkatuluka mpweya wofunda. Anakanikiza pang'ono. Kuseri kwa netiyo kunali kanthu kofewa, kozungulira, konyowa ndi thukuta.

"Ba ankolo, iyo ni mphuno yanga."

Ba Liywalii anaseka mpaka kutsokomola. Chiyambire m'mawa, aka kanali koyamba kugwira chinthu chimene ankachidziwa.

"Manje diso imodzi kulibe," anadandaula Namukolo. "Mfumukazi ya maso faifi ni chani?"

"Tembenuza mutu ku dzanja lamanzere. Futi pang'ono. Apo. Munthu wa diso imodzi sitimujambula kutsogolo, mwanaka, timamupatsa saidi yake yabwino. Nachita ivi usanabadwe."

Kenako anachita chimene sanachitepo m'zaka zisanu ndi chimodzi. Ananyamula miyendo itatu ya kamera, naikokera m'mbuyo, m'mbuyo, mpaka msana wawo unatuluka pakhomo n'kuima pakhonde. Chingwe chinaperewera. Anamasula zingwe za nsapato zonse ziwiri, nazilumikiza, napatsa mtsikanayo nsonga kuti aigwire pamphuno, ndipo anamanga mfundo yachisanu. Vuto linali lakuti pakagudumu ka kamera panalibe kamzere kachisanu. Malo ake anali penapake pakati pa kamzere kachinayi ndi pothera, kadera kochepa ngati chikhadabo. Zithunzi zinatsala zisanu ndi zinayi. Anaganiza zoyambira pa kamzere kachinayi n'kumasuntha pang'onopang'ono pa chithunzi chilichonse, kuti mwina chimodzi chigwere pamphuno.

Kumbuyo kwawo kunali kutadzaza azimayi ogulitsa tomato. Wina ankafunsa ngati chinthucho chikugulitsidwa, wina anayamba kupemphera mokweza. Ba Liywalii sanawamve. Swichi ya nyali inali pafupi ndi chitseko, choncho ankayatsa, kuwerenga mpaka katatu, kudina, n'kuzimitsa guluu asanazindikire.

"Kweza chibwano. Osati cha mbalame, chako. Tambasula manja. Usapume!"

Atadina komaliza, kagudumu kanali katafika pothera, nsapato zili pululu, ndipo sankadziwa ngati ajambula Mfumukazi, denga, kapena mdima wokhawokha. Namukolo anavula, nalongedza nthenga zake zakugwa, natenga kampukutu kuti akatumize ku Lusaka kokatsukitsa. Anathokoza kwambiri, zimene zinangowonjezera kuwawa.

Milungu itatu inadutsa. Aliyense woima pakhomo, Ba Liywalii ankamuyesa Namukolo atanyamula mitambo khumi ndi iwiri. Ndipo monga tsoka silinunkha, tsiku limene anabweradi linali Loweruka, Derrick atakhala pampando wa makasitomala akudya chimanga chootcha.

"Odi, ba ankolo. Mapikicha yabwera."

Mkuluyo anayesa kuwerenga nkhope yake, koma inali mbatata yosenda ngati zina zonse. Envelopu inalira.

"Eleveni ni yoipa," anatero Namukolo. "Yatatu ni mulomo chabe, mulomo waukulu monga bwato. Yenangu yonse ni utsi."

Derrick analeka kutafuna. Ba Liywalii anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Koma iyi," anatero mtsikanayo. "Iyi nachita kukulitsa. Ba ku Lusaka anitenga, ba ankolo. Ati niyende na Mfumukazi mwezi wa mawa. Ati ni ndani anajambula?"

Pepala lalikulu linatuluka mu envelopu. Derrick anaimirira, nalitenga, ndipo kwa nthawi yaitali sanalankhule. Mwana ameneyu chibadwire sanasowepo mawu. Kenako anaimba kamluzu kapansipansi.

"Bo Ndate," anatero, "nalakwa. Munikhululukire. Munthu wamene saona sangajambule chinthu cha so. Makiyi ni yanu, sinizakambapo futi."

Anawaika chithunzicho m'manja.

Basitu, nkhondo inali itatha, ndipo Ba Liywalii anali atapambana. Chimene chinatsala n'kungogwedeza mutu n'kunena kuti ukatswiri sugulidwa pamsika. Situdiyo ikanakhala yawo, chingwe chikanapitiriza kugunda mphuno za ku Maramba, agalu a ku Nottie Broadie akanauwa okha. Anakweza pepalalo pafupi ndi nkhope. Analipendeketsa cha kukhomo kumene kunali kuwala. Anaona chibuluu, chigolide, ndi kufiira pang'ono m'mphepete, zonse zosakanikirana ngati utoto wotayikira m'madzi.

Nthenga iliyonse ya chovalacho ankaidziwa ndi zala. Koma zaka makumi anayi anadikira kuti adzajambule chithunzi chimodzi chotseka munthu pakamwa, ndipo lero chinali m'manja mwawo, aliyense m'chipindamo atachiona kupatula iwo. Zimenezo zinawapweteka kuposa mpeni uliwonse umene ankauopa.

"Derrick, mwanaka," anatero motsitsa. "Niuze vamene vili apa."

Derrick anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Atayang'ana bambo ake, kusekako kunathera panjira.

"Koma ba ankolo," anatero Namukolo pang'onopang'ono, "munaniuza ati mapiko yawongoka."

"Ninakunamiza, mwanaka. Sininayaone. Na manje siniyaona."

Kunja kondakitala wa minibasi ankaitanira anthu a ku tauni. Derrick anaika chitsononkho chake pansi. Anakhazika bambo ake pampando wokhomerera uja, iye nagwada pambali, nagwira chala chawo cha mkombaphala n'kuchiika pamwamba pa pepala.

"Apa ni phiko," anatero. "Yafika mpaka pakona. Nthenga iliyonse ioneka payekha. Apa ni maso yatatu, yofiira, yawala monga malasha. Apa kuli nthenga imodzi ili kugwa, mwaigwira ikali mumwamba." Anatsitsa chalacho pang'ono. "Na apa pakhosi, kuseri kwa kaneti, kuli maso ya uyu mtsikana. Yaoneka bwinobwino, Bo Ndate. Yali na misozi, koma aseka."

Ba Liywalii anasiya chala chawo pamenepo kwa kanthawi. Kenako anapisa dzanja lina m'thumba, natulutsa makiyi, nawaika m'dzanja la mwana wawo.

"Usaikemo vikava va mafoni," anatero. "Sunga chabe. Ku chipatala kuja amatsegula nthawi bwanji pa Mande?"